Girisi pa Mpango wa Amayi

Panali mtsikana wina, ankamutcha Kamphepo. Kuyenda sankakudziwa. Kwake kunali kuthamanga basi.

Koma masiku amenewo Kamphepo sankaseka. Amayi ake anali m'chipatala. M'nyumba munali zii.

Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha. "Mawa undibweretsere mpango wanga woyera. Muno mumazizira."

Kamphepo anatenga mpangowo. Anathamangira kwa bambo ake, okonza njinga. Anapunthwa pa tayala. Mpango unagwera pa tcheni. Unada bii ndi girisi.

Kamphepo anauchapa ndi madzi. Girisi sanachoke. Anauchapanso. Girisi sanachoke. Madzi ankangotsetsereka pamwamba.

Manja ake anachita dzanzi. Mtima unamuwawa kwambiri. Amayi anapempha chimodzi chokha, iye n'kuchiwononga! Anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Bambo anabwera ndi botolo la mafuta ophikira. Anadontheza mafuta pa girisi paja.

"Bambo, mukuwonjezera!" analira Kamphepo.

"Fatsa, mwanangu," anatero Bambo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Manja angawa ndimawasamba chonchi."

Anatikita ndi chala pang'onopang'ono. Girisi anafewa. Girisi anayamba kusungunuka.

"Madzi ali ndi abale ake," anatero Bambo. "Mchere ndi m'bale wake. Shuga ndi m'bale wake. Madzi amawakoka ngati maginito. Koma girisi samukoka. M'bale wa girisi ndi mafuta."

"Nanga mafutawo achoka bwanji?" anafunsa Kamphepo.

Bambo anamupatsa sopo. "Uyu ali ndi manja awiri. Dzanja limodzi amagwirira mafuta. Linalo amagwirira madzi."

Kamphepo anapaka sopo. Anachapa. Anatsukuluza. Anachapanso. Madzi akuda anapita. Mpango unayera, kungotsala kabanga kakang'ono pakona.

M'mawa anapita kuchipatala ndi Bambo. Ulendo uno Kamphepo sanathamange. Anagwira mpango ndi manja awiri.

Amayi anali atawonda. Analandira mpango n'kuununkhiza.

"Ukununkhira sopo," anatero. "Koma mulinso kafungo ka njinga."

Kamphepo anazyolika. "Ndinaugwetsa, Amayi. Pepani."

Amayi anaununkhizanso. "Fungo la bambo akoli ndinalisowa, mwanangu. Wandibweretsera kwathu."

Anaumanga kumutu, kabanga kali kutsogolo. Kenako Amayi anaseka. Bambo anaseka. Kamphepo nayenso anaseka.