Kapeti ya Ukwati wa Golnesa

Kapeti inapita masana dzuwa lili paliwombo, mwini wake akuona, ndipo iye yemweyo anathandiza nawo kuinyamula.

Linali Lolemba m'mudzi wa Kuhsarak. Ghodrat anali atayanika kapetiyo pampanda. Mkazi wake Zivar ndi mwana wawo Golnesa anailuka zaka ziwiri, zala mpaka kutuluka matuza, kuti mtsikanayo akalowe nayo m'banja. Ukwati unali Lachisanu likubweralo. Ndipo ku Kuhsarak mkwatibwi wopita kwa apongozi chimanjamanja amamunena mpaka atamera imvi.

Amayi aja atapita kwa telala, pakhomo panaima pikapu ya buluu. Munatuluka bambo wa nsapato zonyezimira. Anati dzina lake ndi Houshang, wabwera kudzasainitsa za munda ku ofesi ya boma, poti midzi yonse ya m'chigwamo imadzera pamenepa. Ghodrat anamuthirira tiyi.

"Kapeti ngati iyi sindinaionepo," anatero mlendoyo akuisisita.

"Si kanthu, ndi yanu, tengani," Ghodrat anayankha, dzanja lili pachifuwa.

Ku Kuhsarak amenewo ndi mawu a ulemu chabe. Ngakhale wa takisi amati musalipire, koma ndani anatsikapo osalipira? Mlendo amakana, mwini n'kukakamiza, mlendo n'kukananso, nkhani n'kuthera pomwepo. Houshang anakanadi koyamba. Ghodrat anabwereza mokweza, kuti a nyumba zoyandikana amve kuti iye si woumira.

"Poti mwalimbikira, Mulungu akudalitseni. Tagwirani mbali iyo."

Ghodrat anagwira. Mumtima ankati munthuyu akuseka, pa chipata aibweza. Anaikweza m'galimoto akudikirabe. Anabayibitsa fumbi akudikirabe.

Zivar atafika sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri. Golnesa anadzitsekera kuchipinda, kulira kwake kumamveka mpaka kukhola. Ghodrat anathamangira ku polisi, mutu utaima.

"Anathyola chitseko?" anafunsa Sajeni Bahmani.

"Ayi, bwana."

"Anakuopsezani?"

"Ayi. Anamwa tiyi."

"Anaikweza yekha?"

"Tinathandizana."

Sajeni anaika cholembera pansi. "Nanga ndilembe kuti chiyani, bambo? Mwaberedwa kapena mwapatsa?"

Ghodrat anatuluka. Pa benchi la panja panali mkulu wina wa mudzi wa kumtunda, akuyang'ana nsapato zake. Iyenso anali atapereka nkhosa yake yamphongo kwa munthu wa pikapu ya buluu. Anati enanso alipo, koma manyazi awatseka pakamwa. Munthu ungakanene bwanji kuti unapatsa mlendo chinthu usakufuna? Mkuluyo anamva kuti pikapuyo imaoneka pa msika wa Lachinayi, m'tauni ya kumunsi.

Zivar atamva zimenezo anangoti, "Bambo a Golnesa, Lachinayi muvale chipewa chachikulu, ndipo pakamwapo mutseke. Mwalankhula kale zokwanira." Kenaka anapita yekha kukaonana ndi Sajeni. Zimene anapangana, mwamuna wake sanauzidwe.

Lachinayi m'mawa anaipeza pikapuyo pafupi ndi ogulitsa makangaza. Kapeti inali itayalidwa pamwamba pake, ogula atazungulira. Ghodrat anaizindikira pomwepo. Anafuna kulumpha, koma mkazi wake anamukankhira kuseri kwa matumba a mpunga.

Zivar kapetiyo sanaiyang'ane n'komwe. Anazungulira galimoto, akusisita chitseko.

"Achimwene, galimoto yokongola bwanji. Ngati iyi sindinaionepo."

Ghodrat anasokonezeka. Mkaziyu wazungulira mutu? Tabwerera kapeti, iye akutamanda matayala?

Houshang, ogula ali m'maso mwake, anaika dzanja pachifuwa. "Si kanthu, mayi, ndi yanu."

"Ayi, sindingatero."

"Ndithu, tengani."

"Poti mwalimbikira." Zivar anapisa dzanja pa windo, n'kuzula makiyi. "Bambo a Golnesa, bwerani muyendetse. Tapatsidwa galimoto ndi katundu wake yemwe."

"Wakuba!" Houshang anakuwa. "Itanani apolisi!"

Sanachedwe. Sajeni Bahmani anali pa sitolo ya tiyi kutsidya kwa msewu, pamodzi ndi wapolisi wa m'tauniyo.

"Mayiwa alanda makiyi anga, bwana."

"Simunawauze kuti atenge?"

"Ndinatero, koma ndi ulemu chabe umenewo. Ngakhale mwana amadziwa kuti satenga."

"Ngakhale mwana?" Sajeni anafunsa mofatsa. "Ndiye kuti inunso mumadziwa."

Apo m'pamene Ghodrat anavula chipewa. Houshang anamuyang'ana, n'kuyang'ananso kapeti. Unyolo unalira m'manja mwake. Nkhosa yamphongo ija apolisi anakaipeza kwa wogulitsa nyama, isanaphedwe.

Madzulo Sajeni anawaperekeza mpaka pakhomo, kapeti ili paphewa la Ghodrat. Golnesa anaikumbatira ngati munthu wochokera kutali. Ataiyala pabwalo, Sajeni anapukusa mutu.

"Koma kunena zoona, kapetiyi ndi yokongola."

Dzanja la Ghodrat linakwera lokha pachifuwa, pakamwa n'kuyamba kutseguka. Zivar anamuponda chala chachikulu ndi chidendene.

"Zikomo, bwana," anatero mayiyo. "Ndi ya Golnesa."