Emmett Anazula Ndere ndi Tsinde Lomwe

Verna anakumana ndi Emmett padoko la ku Jonesport, mtsikanayo akutsitsa ndere za m'nyanja zogulitsa zimene anadula m'matanthwe m'mawa umenewo, nthawi imene nyanja ya kuno imaphwa tsiku lililonse. Mnyamatayo anali atangoyamba ntchito pasikelo, ndipo anayeza thumba limodzi katatu, maso ali pa mwini thumba.

"Achimwene, sikelo ili uko," anatero Verna. "Ine sindikugulitsidwa."

"Ndikudziwa. Mtengo wake sindingaukwanitse."

Verna anaseka, ndipo basi, nkhani inayambira pomwepo.

Koma mtsikanayu anali ndi bala. Mwamuna amene anamulonjeza ukwati kale anali wakumtunda, ndipo chisanu chitangoyamba kuluma, anabwerera kwawo osatsanzika. Ndiye anamuuziratu Emmett: "Wakumtunda ayi. Ndikufuna mwana wakunyanja, woti sadzandithawa."

"Ine ndinabadwira m'boti, wokondedwa," anayankha Emmett, osaphethira n'komwe.

Abale inu, mauthenga ake! M'mawa uliwonse foni ya Verna inkalira: "Wadzuka bwanji, kambalame kanga? Madzi aphwa, koma chikondi changa sichiphwa." Verna ankawerenga kawiri, n'kubisa foniyo m'jekete ngati wina amulanda.

Mu Ogasiti, bambo ake a Verna, Bambo Beal, anaitana banja lonse kugombe kukaphika nkhanu. Kwathu kuno timatenthetsa miyala m'dzenje, n'kuyalapo ndere zaziwisi kuti nthunzi yake ipsetse chakudya. Bambo Beal anapatsa Emmett mpeni ndi thumba.

"Mkamwini, katitengere ndere. Madzi aphwa."

Emmett anabwera thumba lili tho, akumwetulira. Atakhuthula, anthu onse anayang'anana. Ndere zake zinali zamasamba, zokhala ndi mtsempha pakati ndi timatumba ta mpweya tiwiritiwiri. Zomwe timadula ife ndi zazitali ngati zingwe, katumba kamodzikamodzi. Ngakhale mwana wa zaka zisanu amazisiyanitsa. Choipitsitsa, anali atazizula ndi tsinde lomwe, timiyala tili lendelende.

"Kwanu kuja mumazula chonchi?" anafunsa Bambo Beal mofatsa.

Emmett anazyolika. "Kwathu ndi ku Nebraska, bambo, kuminda ya chimanga. Nyanja ndinaiona koyamba chaka chatha."

Verna mtima unamusweka. Misozi inangotsika yokha, anthu onse akuona.

"Ndinakuonetsa pamene pali bala langa, iwe n'kupondapo pomwepo?"

Anathamangira kugalimoto, nkhanu osalawa.

Miyezi itatu yathunthu sanamulankhule. Katundu wake ankapereka kwa woyeza wina. Mauthenga ankabwerabe: "Ndinanama chifukwa ndinkaopa kukutaya. Pepa, kambalame kanga." Verna ankafufuta, koma tinene zoona, ankayamba wawerenga. Nanga akanatani? Ankamukondabe, komanso ankadziwa kuti chisanu chikafika, nayenso anyamuka ngati mnzake uja.

M'mawa wina mu Novembala, mphepo ikucheka makutu, Verna anapeza munthu atagwada pathanthwe loterera, buluku litanyoweratu, zala zili psu ndi kuzizira. Anali Emmett.

"Sunapite?"

"Ndipite kuti, iwe uli kuno? Bambo ako akhala akundiphunzitsa Lamlungu lililonse. Amandikalipira ngati mwana, koma ndikugwira."

"Ababa? Osandiuza?"

"Anati ukadziwa, tonse awiri tiona zakuda."

Ananyamula chingwe chimodzi cha ndere n'kumuonetsa. "Yeniyeni ndi iyi. Yopanda mtsempha pakati. Katumba kalikonse ndi chaka chimodzi, ndiye iyi ili ndi zaka khumi ndi chimodzi."

"Khumi ndi ziwiri. Wadumpha kamodzi."

Emmett anawerenganso, n'kuvomera. Kenako anayeza kuchokera patsinde, kutalika kwa mkono wake, n'kudula pamwamba pake bwinobwino.

"Tsinde ndalisiya. Akuti pamene ndadulapa patenga zaka zitatu kuti pabwerere mwakale."

"Ndiye?"

"Ndiye ndikufuna ndidzaone ndi maso angawa. Ndidzabwere pathanthwe lomwe lino ndili ndi iwe, uli mkazi wanga. Undilola, Verna?"

Verna anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Anali wokwiyabe pang'ono, koma chimwemwe chinamuposa mphamvu.

"Ukadzanamanso, ndidzakukankhira m'madzi."

"Ndiye ndineneretu: kusambira sindidziwa."

"Mayo ine, ndakonda munthu wotani?" Anamugwira dzanja lozizira lija n'kulilowetsa m'thumba la jekete yake. "Dzuka apo, madzi akubwera. Tiye kunyumba, ukawauze wekha ababa kuti ndavomera."