Thiraki Imene Sinatuluke

Lachisanu limenelo Doris sanaweruke. Anzake anakwera makabaza kupita ku boma dzuwa likulowa. Iye anatsala yekha m'kontena muja, ali ndi makompyuta awiri ndi jumbo ya manachesi.

Kontenayo inali ofesi ya kampani ina yothandiza mathiraki kuwoloka pa boda ya Mwanza. Thiraki ikafika pabwalo lawo inkalembedwa m'nkhokwe ya pakompyuta, ndipo pochoka inkalembedwanso kuti yatuluka. Koma kulankhula ndi nkhokweyo kunali chintchito. Panalibe zithunzi, panalibe podina. Sikirini yakuda bii, ndi kamzere kophethira pakona. Kalaliki ankayenera kuloweza malamulo ataliatali a Chingerezi n'kuwalemba osaphonya ngakhale kadontho. Akaphonya, kompyuta inkangoyankha ndi nambala: Error 4, Error 7. Chalakwika osanena.

A Latifu anali atagwira ntchito ya ukalalikiyo zaka zambiri, koma maso anali atayamba kuwafooka. Mwezi umenewo anafufuta mwangozi mathiraki asanu. Bwana wawo, a Langton, anati basi, akapume kunyumba.

"Vuto si a Latifu, bwana," Doris, amene ankasamalira makompyuta a kampaniyo, anawayankha pamaso pa anthu. "Vuto ndi pulogalamuyi. Imafufuta osafunsa. Ndipatseni mpaka Lolemba ndiikonze."

"Lolemba m'mawa," anatero a Langton. "Akakanika kuigwiritsa okha, nkhani yatha."

Ndiye Doris anakhala pansi. Malamulo aatali aja anawadula akhale mawu amodzi a Chichewa: lowa, tuluka, funa. Anakonza zoti munthu akalemba zilembo ziwiri za nambala ya thiraki, kompyuta izimaliza yokha. Anakonza zoti isanafufute kanthu izifunsa kaye. Manambala okhumudwitsa aja anawasandutsa ziganizo zomveka, imodziimodzi. Onse anatheka kupatula Error 7. Sabata yonse anali atafufuza chimene chimaibweretsa, osachipeza.

Cha m'ma naini magetsi anathima. Makompyuta anapitiriza ndi batire, koma nyale ya kudenga inazima. Munatsala kuwala kwa masikirini basi. Kunja kunkazizira kuzizira kwa Juni. Mawailesi a madalaivala ogona pamsewu anali atakhala chete.

Gogogo.

Doris anaganiza kuti ndi a Laston, mlonda.

"Lowani, sichokhoma."

Amene analowa sanali a Laston. Anali bambo wamtali, wovala jekete yachikopa ndi chipewa choluka. Anaima pakhomo, manja ali kutsogolo mwaulemu.

"Boa noite, mayi," anapereka moni wa Chipwitikizi. Chichewa chake chinali cha anthu a ku Tete. "Ndabwera kudzatuluka."

"Ofesi tatseka, bambo. Mubwere mawa."

"Anandiuza choncho. Mawa."

Sanakwiye. Anangoima. M'kontenamo munayamba kumveka fungo la dizilo ndi la dothi lonyowa. Doris anayang'ana pansi. Madzi ankadontha kuchokera m'mphepete mwa jekete ija, to, to, to, pathabwa. Mvula inali itasiya mu Epulo.

Mtima unamuuza kuti aitane mlonda. Koma mutu unali pantchito. Sabata yonse ankasowa munthu amene sanaionepo pulogalamu yatsopanoyi, woti aiyese popanda kuuzidwa chochita. Ngati dalaivala angathe, a Latifu sangakanike.

"Mumatha kulemba?" anafunsa.

"Pang'ono."

"Khalani pampandopo. Lembani mawu oti tuluka, kenako nambala ya thiraki yanu. Ine sindikuthandizani."

Bamboyo anakhala patebulo la a Latifu. Ankalemba ndi chala chimodzi, akufunafuna chilembo chilichonse. Doris anaima kumbuyo kwake ndi kope, kuti azilemba pamene munthu akukakamira. Atalemba zilembo ziwiri, kompyuta inamaliza yokha nambala yonse. Inali nambala ya ku Mozambique ya mtundu wakale, ya timizere pakati. Doris anamwetulira. Chinthu chake chinagwira.

Kenako anawerenga zimene zinatuluka pansi pake. Thirakiyo inalowa pabwalo mu Febuluwale zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Tsiku lotuluka panalibe.

Anakweza maso. Mbali ya sikirini imene inalibe zilembo inali yakuda ngati galasi la galimoto. M'menemo anadziona yekha bwinobwino, ataima, kope lili m'manja. Anaonanso mpando wa a Latifu kutsogolo kwake. Pampandopo panalibe munthu.

Anatsitsa maso. Bamboyo anali pomwepo, msana wake wonyowa uli pafupi moti akanatha kuukhudza. Anakwezanso maso. Mpando wokhawokha.

Chitseko chinali mapazi atatu kumanzere kwake.

Bamboyo anadina batani lalikulu lotumizira zimene walemba. Kompyuta inayankha.

Error 7.

"Ndi zimenezi," anatero motsitsa, osatembenuka. "Ulendo uja zinateronso. Katatu."

Doris anayang'ana chitseko. Anayang'ananso seveni uja pasikirini. Sabata yonse nambalayo inkamuthawa, ndipo lero inali itabwera yokha, ili pamaso pake. Akathawa, Lolemba idzatulukira a Latifu pamaso pa bwana.

"Dikirani," anatero. "Musakhudze kanthu."

Anakhala pakompyuta yake. Kuti afike pampando anayenera kudutsa pafupi ndi phewa la bamboyo, ndipo mphepo ya pamenepo inali ngati ya m'firiji. Mawu oyamba anawalemba katatu asanawakhoze. Anatsegula mbali ya pulogalamu yoona zotuluka. Anawerenga mzere ndi mzere, akuloza ndi chala ngati mwana wa sitandade wani.

To. To. To.

Sanatembenuke. Anamva mpando ukusuntha. Fungo la dothi lija linafika pakhosi pake. Bamboyo anali ataima kumbuyo kwake, akuyang'ana zimene iye ankachita.

"Mukuipeza njira, mayi?"

"Ndiipeza."

Anaipeza pamzere wachiwiri kuchokera pansi. Timizere tija. Amene analemba pulogalamu yakale analola nambala ya timizere polowa, koma potuluka kompyuta inkaona kamzere n'kuyesa kuti nambala yathera pomwepo. Inkafuna thiraki ya zilembo zitatu, osaipeza, n'kulavula seveni. Kanthu kakang'ono choncho. Doris anafufuta mzerewo, n'kulemba wina. Anasunga. Anapuma kamodzi.

"Yesaninso."

Anamva mapazi onyowa akubwerera. Anamva chala chimodzi chikugogoda mabatani. Kenako zii.

"Ikundifunsa," anatero bamboyo. Anawerenga pang'onopang'ono mawu amene Doris analemba yekha masana a tsiku lomwelo. "Kodi mukutsimikiza kuti thiraki iyi yatuluka? Lembani eya kapena ayi."

"Yankhani."

Chala chake chinaima pamwamba pa mabatani.

"Ndikalemba eya," anafunsa, "ndiye kuti ndikupita kuti?"

Doris anayang'ana makoko a manachesi patebulo pake.

"Zimenezo kompyuta siidziwa, bambo. Imangodziwa kuti pano mwachoka."

Mabatani atatu analira. Kenako lalikulu lija.

Doris sanamve chitseko chikutseguka. Anangomva injini yaikulu ikulira kunja, pafupi kwambiri, mpaka malata a kontena ananjenjemera. Inalowa giya. Phokoso linayamba kutalikira, kulowera ku Zobue, kutsidya kwa boda, mpaka linazimirira m'mapiri.

Atatembenuka, mpando unali wopanda munthu. Pansi pake panali chithaphwi.

Anatuluka n'kukapeza a Laston akuwotha moto pageti. Geti linali lokhoma, loko ali m'malo mwake.

"Thiraki yatuluka ija ndi ya ndani?"

A Laston anamuyang'ana. "Thiraki iti, achemwali? Kuyambira sikisi sindinatsegulire munthu."

Doris anabwerera m'kontena. Sanagone, komanso sanapite. Analemba uthenga womveka m'malo mwa Error 7, n'kuyesa pulogalamu yonse kuyambira poyamba mpaka kunja kunayera.

Loweruka m'mawa a Latifu anabwera kudzaphunzira. Doris anali atawakulitsira zilembo. Anavala magalasi, n'kuwerenga zimene zinatsala pasikirini usiku. Anavula magalasi aja. Anawavalanso.

"Nambala iyi wailemba ndani, mwanangu?"

"Mwini wake."

A Latifu anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana thabwa lonyowa pansi pa mapazi awo, n'kuwasuntha.

"Ndinali ine pampando uno," anatero monong'ona. "Kunkagwa chimvula. Ndinayesa katatu, ikukana. Munthu anadikira kuyambira masana. Mdima utagwa ndinamulembera kapepala pamanja, ndinati pitani, ndikonza mawa. Sanafike ku Zobue. Anakamupeza m'chigwa patapita masiku awiri, thiraki itagona m'madzi. Mawa lakelo ndinayesanso. Ndinayesa mwezi wonse."

Doris anawagwira paphewa. "Yatheka tsopano."

"Alipo mathiraki ena otere," anatero a Latifu.

Doris anawasonyeza lamulo loonetsa mathiraki amene analowa osatuluka. Analemba okha, ndi chala chimodzi, osaphonya. Kompyuta inaonetsa makumi anayi ndi imodzi, onse a timizere. A Latifu anatsika nawo ndi chala, akunena za madalaivala ake. Uyu ndinamuona chaka chatha, ali moyo. Uyu anasiya udalaivala, amagulitsa matayala ku Moatize. Pa ena, a madalaivala amene anamwalira, chala chinkangoima.

Lolemba a Langton anaimirira kumbuyo kwawo ola lathunthu. A Latifu analowetsa ndi kutulutsa mathiraki khumi ndi awiri popanda kufunsa munthu. Ntchito yawo inapulumuka.

A Langton anati mathiraki akale aja atsekedwe onse tsiku lomwelo. Doris anatseka a anthu amoyo okha. Ena aja anati akufufuza kaye. Kuyambira pamenepo, poweruka amasiya kompyuta ya a Latifu ili yoyaka, mpando atausunthira kumbuyo pang'ono, chitseko osakhoma.

Amayi ogulitsa tiyi pa boda amati a Laston anasamutsa moto wawo, tsopano amawothera kutsidya kwa msewu. Amati masiku ena usiku m'kontenamo mumamveka chala chimodzi chikugogoda mabatani, pang'onopang'ono. Doris akamufunsa amangoti iye amakonza mapulogalamu, zinazo sadziwa. Koma m'mawa uliwonse a Latifu asanavule jekete amayamba aona mndandanda uja. Unali ndi mathiraki asanu ndi anayi. Sabata yatha anatsala anayi.