Kamera Yopanda Diso ya a Daka

Ena akamva nkhaniyi amati ndi macheza a m'minibasi, koma mboni zake zili moyo. Lillian Daka ali ndi kasitolo kojambulira zithunzi pafupi ndi msika wa Nyimba. A Mbumwae, mphunzitsi amene anatumizidwa kudera la Kalindawalo, analipo tsikulo, ndipo iwo ndi munthu amene amaseka ngakhale kadzidzi akulira padenga pawo. Komanso izi sizinachitike usiku. Zinachitika dzuwa likuswa mtengo.

Bambo a Lillian, a Jethro Daka, anali wojambula zithunzi. Kwa zaka makumi anayi anapalasa njinga kuchokera ku Petauke mpaka ku Kacholola, kujambula maukwati, matimu a mpira, ngakhale ng'ombe za anthu. Koma mkazi wawo, amai Jessy, sanawajambulepo n'kamodzi komwe. Akafunsidwa ankangoti, "Mailo." Mawa lakelo silinafike, mpaka maso a amaiwo anachita ng'ala. Apo m'pamene a Daka anagwidwa manyazi, nasunga filimu yawo yomaliza m'timabokosi tinayi tathyathyathya, n'kulonjeza kuti akakolola thonje awajambula chithunzi chachikulu chopachika pakhoma. Thonje lisanathyoledwe, a Daka anadwala n'kumwalira.

Patapita mwezi abale anasonkhana kugawa katundu, ndipo wotsogolera anali a Titus, mng'ono wa malemuyo, munthu amene pa matenda onse sanabwere ngakhale ndi nthochi imodzi. Anayala makamera awiri pamphasa.

"Iwe ndiwe wa vithunzi," anatero kwa Lillian. "Sankhapo imozi. Inayo ni ya banja."

Banja lake linali iwo omwewo, aliyense ankadziwa.

Kamera yoyamba inali yamatabwa, yonyezimira mkuwa, yokongola ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Koma inkafuna miyendo itatu ndi munthu wokhala chete ngati chitsa, pomwe mutu wa amai Jessy unkanjenjemera. Yachiwiri inali yakuda, yokalika m'makona, ya mtundu umene ankanyamula atolankhani akale. Inali ndi lamba wolowetsamo dzanja, khosi lopindika ngati mvukuto, ndipo inkatsekeka kukhala kabokosi. Malenzi ake anali atatu, osinthasintha, iliyonse pa kathabwa kake: yotakata ya gulu la anthu, yapakati, ndi yaitali ya nkhope. Filimu yake inali yaikulu ngati chikhatho. Ndi imeneyo munthu akanatha kuzungulira wodwala, kudikira kuti mutu ukhazikike, n'kujambula ili m'manja.

Lillian sanachedwe. Analoza yakudayo.

A Titus anamwetulira. Poona kuti mwanayo walumpha yonyezimira, anadziwa kuti phindu lili kwina. Anachotsa lenzi imene inali pakamerapo, naiika m'chitini cha mabisiketi momwe munali zinzake ziwiri, n'kumanga chitinicho ndi mphira.

"Wasankha kamela," anatero. "Maso yake sunachule."

Kenaka anatola kabokosi ka filimu. "Muli chani umu?" Anasolola chotsekera chake padzuwa, nasuzumira. Lillian anakuwa, koma iwo anatola kachiwiri, n'kachitatu komwe. Filimu ikaona dzuwa yafa, ndipo anapha zitatu akuseka. Kachinayi Lillian anawatsomphola m'manja, nakabisa m'chitenje. Abale anayamba kunong'ona kuti mwana wopanda ulemu. Lillian anakwiya. Anakwiyira a Titus, anakwiyira abale okhala duu ngati matumba a chimanga, ndipo pansi pamtima anakwiyiranso bambo ake ndi mawa lawo lija.

Loweruka lotsatira anapita kumudzi kukauza amai ake kuti chithunzi chalephereka. Anawapeza atakhala pampando pakhonde, atavala chitenje cha ku mpingo ndi duku loyera. A Mbumwae, amene ankakhala nyumba yoyandikana, ndiwo anawatulutsira mpandowo.

"Amai, kamela ilibe diso," anatero Lillian. "Atate ang'ono anatenga."

"Ine navala kale," anayankha amaiwo. "Nivula lini." Kuvula anakaniratu.

Lillian anatsegula kamera kuti a Mbumwae aone okha nkhanza za a Titus. Kutsogolo kwake kunali chibowo chabe. Kumbuyo kwa makamera otere kumakhala galasi loyang'anirapo, ndipo chilichonse chimaoneka chozondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Popanda lenzi, galasilo limangotuwa.

Lillian anayang'anapo. Silinali lotuwa.

Panali amai ake, ozondoka. Nkhokwe, yozondoka. Njinga ya a Mbumwae, matayala m'mwamba. Koma kumbuyo kwa mpando kunaima mwamuna wa chipewa, ndipo iye yekha anali wowongoka, mutu m'mwamba, mapazi pansi.

Lillian anadzutsa mutu. Kumbuyo kwa mpando kunali khoma basi.

"A Mbumwae," ananong'ona. "Onani apa."

Aphunzitsiwo anawerama, nasuzumira pagalasipo. Thukuta linatsika m'khosi mwawo.

"Ni chipewa cha a Daka," anatero.

Nkhuku zonse zinali zitasiya kupalasa. Njiwa imene inkalira mumtengo wa mango inadukiza pakati. Kenaka kunabwera fungo lowawasa ngati la viniga, fungo la mankhwala otsukira zithunzi, limene silinkachoka m'zala za a Daka ngakhale atasamba ndi sopo.

Wina akanathawa. Lillian mantha anamugwira ndithu, koma mkwiyo unaposa.

"Manje ndiye mwabwela?" anatero. "Zaka zonse zija munali kuti? Ngati mufuna, jambulani mweka!"

Analowetsa kabokosi komaliza kumbuyo kwa kamera. Analowetsa dzanja mulamba. Anasolola chotsekera.

"Izapsa filimu iyo," ananong'ona a Mbumwae. "Kulibe lenzi."

Kamera ija ndi yolemera, koma mwadzidzidzi inapepuka. China chake chozizira chinamugwira m'zigongono, n'kuzikanikizira kunthiti, monga momwe bambo ake ankachitira pomuphunzitsa ali wamng'ono. Fungo lija linafika pakhutu pake penipeni.

"Gwila mpweya."

A Mbumwae amalumbira kuti nawonso anamva. Mutu wa amai Jessy unasiya kunjenjemera. Amaiwo anakweza dzanja, naliika paphewa pawo.

Kunamveka kuti khe.

Kachitsulo kamene kamalira choncho kamakhala m'kati mwa lenzi. Malenzi onse atatu anali kwa a Titus ku Petauke, m'chitini.

Lillian anabwezera chotsekera, manja ali zii. A Daka anali ndi lamulo lawo: chotsekera chili ndi mlomo woyera mbali imodzi ndi wakuda mbali inayo. Woyera ukakhala kunja, filimu sinajambule. Ukajambula, umatembenuza. Lillian sanatembenuze, mutu wake sunali pamenepo. Koma atayang'ana, mlomo wakuda unali kunja.

Njiwa ija inapitiriza kulira pomwe inalekera.

M'mawa mwake anatsuka filimuyo m'kachipinda kake kamdima ku Nyimba, akuyembekezera pepala lakuda bii. Munatuluka nkhope ya amai ake, yakuthwa moti ulusi wa duku unkawerengeka. Inali yodzaza pepala lonse, monga imajambulira lenzi yaitali yokha. Ndipo inajambulidwa kuchokera pamwamba pang'ono, pa msinkhu wa munthu wamtali kuposa Lillian.

Lolemba a Titus anatsika minibasi pa Nyimba atanyamula chitini chija motalikitsa ndi thupi, ngati muli njoka. Maso anali ofiira. Anachiika pakhomo pa sitolo, osalowa.

"Chinalila pa Chibelu masana," anatero motsitsa mawu, kunena Loweruka lomwe lija. "Chomanga na mphila. Ninasegula. Lenzi ija itali inali yothuma, yofunda ndithu, galasi lake lili na nthunzi monga munthu wapumilapo. Manje chilila nthawi iliyonse nikapita pafupi."

"Mwina chifuna kukujambulani," anatero Lillian. Sanawapatse mpando, ndipo sanathokoze. Iwo anabwerera kumsewu osacheuka, ndipo mpaka lero amabisa nkhope ngakhale mwana akangowalozetsa foni.

Chithunzicho Lillian anachisindikiza chachikulu, nachiika m'felemu, n'kupita nacho kumudzi. A Mbumwae anabwera kudzaona. Onse awiri anachiyang'anitsitsa mpaka m'makona. Munali munthu mmodzi yekha, mayi wa duku loyera, dzanja lake lili paphewa, zala zitapindika ngati zagwira kanthu. Kumbuyo kwake kunali khoma.

Amai Jessy anachilandira, nachiika pamiyendo. Maso awo aja sankatha kusiyanitsa ngakhale mbuzi ndi galu. Anayendetsa chala pagalasi, kudutsa nkhope yawo, nachiimitsa pamwamba pa phewa, pakhoma lopanda kanthu.

"Zaka fote kunilindilisa," anatero mokalipa. "Ndipo onani, chipewa sanavule."