Kuseri kwa Nsalu ya Bayisikopo

Njerwa ija a Whiteson Zimba anaipeza Lolemba m'mawa, itagonekedwa m'chigafa kuseri kwa nsalu ya bayisikopo, pakati penipeni, monga mmene munthu amaikira njerwa akafuna pokhala. Chigafa chawo cha fodya n'chamitengo ndi udzu, ndipo chimangireni simunalowepo njerwa. Khomo ndi limodzi, nalonso lili pambali pa makina oonetsera kanema pamene iwo eni anaima usiku wathawo. Anaizungulira kawiri, kenaka anakaiponya kudzala.

Ku Chikomeni, amene tsitsi lawo layera amawadziwa a Whiteson kuti ndi munthu wa bayisikopo. Zaka za m'ma 1970 ankayenda ndi galimoto ya kanema ku Magodi, ku Mphamba ndi kwina konse kumene msewu unkalola. Akafika pabwalo la sukulu ankazika mitengo iwiri, kumangapo nsalu yoyera, kuliza jenereta, ndipo mudzi wonse unkasiya mbale zosatsuka. Ochedwa ankakhala kuseri kwa nsalu, kumene chithunzi chimaoneka ndithu koma chotembenuka, wamanja kusanduka wamanzere. Mkazi wawo Ennie ankakhala kuseriko mwadala, ati kutsogolo anthu amasokosa. Pambuyo pake a Whiteson anagwira ntchito muholo ya ku boma, mpaka mavidiyo atabwera, holo n'kusanduka mosungira chimanga. Makinawo anapatsidwa ngati zitsulo zotha ntchito, pamodzi ndi gudumu limodzi la filimu limene panalibe analifuna.

Panalibe wolifuna chifukwa linali la chionetsero cha zaulimi: ng'ombe, makasu, mabwana atavala zipewa. Koma chapakati pake pamadutsa mtsikana atasenza dengu la mtedza, n'kucheuka, n'kuseka atagwira pakamwa. Ukawerenga, sufika pa teni. Mtsikanayo ndi Ennie, ndipo padziko lonse lapansi nkhope yake inatsala pokhapo, poti chithunzi cha ukwati chinadyedwa ndi chiswe. Ennie anamwalira zaka zinayi zapitazo. Ana ali ku Lusaka, amaimba foni pa Khirisimasi. Choncho Lamlungu lililonse usiku nkhalambayo inkaliza kajenereta kake n'kudzionetsa yokha bayisikopo. Kusungulumwa kuli ndi mankhwala ambiri, awa ndiwo anali awo.

Vuto linali lakuti filimuyo inakalamba kuposa mwini wake. Inkanunkha mowawasa, ndipo pamalo a Ennie timabowo ta m'mbali, timene mano a makina amakolapo, tinali titang'ambika ndi kuonetsaonetsa. Pofika pamenepo a Whiteson ankaithandiza ndi chala. Akanangochotsa chalacho, filimu ikanaima kutsogolo kwa babu n'kupsa.

Lolemba lomwelo masana kunabwera Benwell, mphunzitsi wochokera ku Chipata amene ankakonda zamakedzana. Anasuzumira filimuyo padzuwa napukusa mutu.

“Madala, iyi yatha. Pa Satade nizabwela na foni ya kamela yabwino, tizaijambula, amama bazankhala mu foni mpaka kalekale. Koma musailize futi. Mwanimvela?”

“Namva, aphunzitsi. Masiku asanu si chaka.”

Lachiwiri usiku a Whiteson anagona msanga. Kunja kunali mdima wa mwezi wakufa, wosaona ndi dzanja lako lomwe, ndipo kamphepo ka mwezi wa Juni kankasewera ndi udzu wa chigafa. Tulo titayamba kuwatenga, anamva chifuwa cha kuchigafa kuja. Chinali chifuwa chouma, chotsokomola kawiri n'kupumira, cha munthu amene sakufuna kusokoneza ena. Anachigonera pambali zaka makumi anayi chifuwa chimenecho, sakanachisokoneza ndi cha mbuzi. Anafunda bulangeti mpaka kumutu, koma makutu alibe chitseko.

Kutacha njerwa inali pamalo pake, ndipo pambali pake panali kamulu ka makoko a mtedza, kosonkhanitsidwa bwino kuti wosesa asavutike.

Akali chiimire, pakhomo panafika a Linah, mng'ono wake wa malemuyo, amene nyumba yawo ili kuseri kwa munda. Sanafune kulowa.

“Monile, alamu,” anatero a Linah monong'ona. “Kuchitsime anthu akamba. Akuti muitana akufa na makina anu. Akuti pa Sande, Ezron podutsa anamvela anthu awili aseka muno.”

“Ezron amamvela vambili akachoka ku mowa.”

“Nanga makoko aya? Imwe mano yamtedza muli nayo?”

A Whiteson anangoti kukamwa yasa, ndipo m'kamwamo munalidi mabwinja okhaokha.

“Lekani, alamu,” anatero a Linah. “Wopita musiyeni apite.”

Langizo linali labwino, koma linapita kwa munthu wolakwika. Pantchito yawo yonse a Whiteson sanabwezepo munthu wobwera kudzaonera. Ku Magodi anaonetsapo mvula ikugwa, atafunditsa makina jekete lawo, chifukwa cha nkhalamba zitatu zimene zinakana kuchoka. Tsono lero munthu azikhala mumdima, pa njerwa yozizira, kudikira nsalu yosayaka? Chinawapweteka n'chimenecho, kuposa mantha.

Lachitatu usiku analiza jenereta. Kuwala kunadutsa m'fumbi n'kukagwa pansalu, makina n'kuyamba kulira kwake kwa te-te-te. Ng'ombe zinadutsa, makasu anatsatira. Ndiye pansi pa phokosolo anamva kena, kakang'ono, kobwerezabwereza: thwa, thwa, khoko la mtedza likusweka pakati pa zala. Sanasunthe, poti woonetsa bayisikopo sachoka pa makina akamayenda. Ennie anadutsa ndi dengu lake, chala chinagwira ntchito yake, koma anamva kabowo kena kakuthetheka. Atazimitsa anatenga tochi n'kukaunika kuseri. Kunali njerwa ndi makoko basi.

Lachinayi analumbira kuti sayatsanso. Anakhala pakhonde mumdima, manja ali m'khwapa, kumvetsera. Chifuwa chinamveka kawiri. Patapita nthawi njerwa inakhwekhwerezedwa pang'ono, monga amachitira munthu amene miyendo yachita dzanzi. Usiku wonse unatha choncho, wina kudikira mkati, wina kudikira kunja, mpaka atambala analira. A Whiteson anachita manyazi ngati munthu amene wabisalira mlendo kuchipinda.

Lachisanu dzuwa likulowa anadziuza kuti kwatsala usiku umodzi wokha. Anadziuza kachiwiri akudya, kachitatu akutseka chitseko. Koma chifuwa chitamveka, miyendo inawatengera yokha kuchigafa.

“Kamozi chabe,” ananong'ona, akukoleka filimu m'mano a makina. “Mailo aphunzitsi abwela.”

Nsalu inayaka. Usiku umenewo mtedza sunasweke, chifuwa sichinamveke, ndipo bata limenelo linawaopsa kuposa phokoso. Ng'ombe zinatha, makasu anatha. M'mphepete mwa nsalu munatulukira dengu, ndipo a Whiteson anaika chala pamalo pake.

“Awiske Towela.”

Mawuwo anachokera kuseri kwa nsalu, otsika, osafulumira. Towela ndi mwana wawo woyamba, ndipo amene ankawaitana motero, kuti bambo ake a Towela, anali munthu mmodzi yekha.

“Awiske Towela, zaka zonse izi muli uko. Bwelani tionele kuno.”

Iwo ankadziwa bwino lomwe chimene chichitike akachotsa chala. Anachiphunzitsapo ena, anakalipirapo ena. Kutsogolo kwawo kunali nkhope imene akanaisunga mpaka kufa, kuseri kunali mawu amene sanawamve zaka zinayi. Anachotsa chala.

Mapazi asanu ndi limodzi anawafikitsa kuseri. Kunalibe munthu. Anagwada n'kugwira njerwa, ndipo inali yofunda. Atakweza maso anaona Ennie pansalu, wamkulu kuposa munthu, ataima chilili chifukwa filimu inali itakodwa. Kutsogolo, zaka zonsezi, mtsikanayo ankacheukira kumbali. Kuno kuseri maso ake anali pa iwo.

Kulira kwa makina kunasintha. Pa tsaya la Ennie panabuka kadontho kofiirira, kanatupa, kanadya pakamwa ndi dzanja lomwe, kenaka nsalu yonse inangoti mbee. Pamene ankafika pa makina, mano anali atatafuna zotsalazo, ndipo m'chigafa munadzaza fungo la filimu yopsa.

Benwell anafika Loweruka m'mawa pa njinga, foni ili m'thumba la malaya. Anapeza nkhalamba ili pampando, italumikiza kale filimu ndi selotepi, mwaluso ndithu. Anaiunika padzuwa: makasu, kenaka mabwana, pakati popanda kanthu.

“Madala! Nanga amama bali kuti? Sininakuuzeni?”

“Munaniuza.”

“Manje munailizila chani?”

“Kunali munthu,” anatero a Whiteson.

Benwell anayang'ana nsalu, anayang'ana nkhalamba, nabweza foni m'thumba osafunsanso.

Usiku umenewo a Whiteson sanalowe m'nyumba. Anakhala pakhonde, makutu ali kuchigafa, kupempha mumtima kuti chinthu chimene chinawaopsa sabata yonse chibwerenso. Mphepo inawomba n'kuleka. Galu anauwa kutali cha kwa a Linah, nayenso n'kuleka. Atambala oyamba atalira anatseka maso kuti aone nkhope ya mkazi wawo, ndipo chimene chinabwera ndi dengu lokha.