Kachiwala Afunditsa Sola

Kachiwala anali kamtsikana kosatha kuyenda pang'onopang'ono. Ankangodumpha. Ankadumpha popita kusukulu. Ankadumpha pobwera. Ngakhale pomutuma mchere, ankadumpha. N'chifukwa chake bambo ake anamutcha Kachiwala.

Kachiwala anali ndi mnzake wapamtima. Mnzakeyo anali mtengo wa magwafa. Unali pambali pa nyumba, pafupi ndi mpopi. Unali ndi nthambi yokhota ngati mpando. Kachiwala ankakhala pamenepo. Ankauuza mtengowo nkhani zonse za kusukulu. Mtengo sunkamudula mawu.

Kachiwala ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti mtengo wake ukhalepo mpaka kalekale.

Panyumbapo panalinso jenereta yokalamba. Inkatsokomola, kho! kho! kho! Inkalavula utsi wakuda. Jenereta ikatsokomola, khanda la Mayi linkatsokomolanso.

Tsiku lina Bambo anabwera ndi chinthu chatsopano. Chinali chachikulu ngati chitseko. Chinali chakuda. Chinkanyezimira.

"Adadi, chimenechi n'chiyani?" anafunsa Kachiwala.

"Iyi ndi sola, mwanawe," anatero Bambo. "Itipatsa magetsi opanda utsi."

Bambo anali mmisiri wa zitsulo. Anaipangira sola miyendo yachitsulo. Anaiimika pabwalo, chapatali ndi mtengo. Kenako analumikiza waya ku batire m'nyumba.

"Utsi umakwera kumwamba," anatero Bambo. "Ukachuluka, dziko limatentha kwambiri. Mvula imasokonezeka. Anthu m'mayiko ambiri akuusiya utsiwu. Ena akugwiritsa ntchito mphepo. Ena akugwiritsa ntchito dzuwa. Ifenso tathandizako."

Kenako Bambo anasisita sola ija. "Ameneyu ndi mwana wathu watsopano," anatero. "Uzimusamala, wamva?"

Bambo ankangocheza. Koma Kachiwala sankataya pansi mawu a bambo ake.

M'mawa mwake, Bambo anapita kuntchito. Mayi nawo anakonzeka kupita kumene ankasoka zovala. Ananyamula khanda. Analifunditsa kansalu kumutu.

"Lero dzuwa liswa mtengo," anatero Mayi. "Mwana sakhala padzuwa."

Kachiwala anamva. Anayang'ana khanda. Anayang'ana sola. Sola inali padzuwa, yokhayokha. Anaikhudza. Inali itayamba kutentha.

"Pepa, mwana wathu," anatero Kachiwala. "Akuiwala."

Analowa m'nyumba. Anatenga bulangete lake lofiira. Anafunditsa sola bwinobwino. Anapinda uku. Anapinda uko. Sanasiye ngakhale kakona. Kenako anadumphadumpha kupita kusukulu.

Madzulo dzuwa litazizira, anachotsa bulangete. Analipinda. Analibwezera pabedi. Palibe amene anaona.

Tsiku lotsatira anachitanso zomwezo. M'mawa kufunditsa. Madzulo kuvundukula. M'mawa kufunditsa. Madzulo kuvundukula. Kachiwala anali mlezi wabwino, zimenezo tisamukanize.

Koma magetsi anayamba kuvuta. Babu linkayaka pang'ono. Kenako linkazima, thii! Wailesi inkayankhula pang'ono. Kenako inkangoti zii.

Bambo anayang'ana waya. Waya anali bwino. Anayang'ana batire. Batire linali bwino. Anakanda mutu. Anatuluka panja. Anayang'ana sola. Kenako anayang'ana mtengo wa magwafa.

"Ndadziwa," anatero Bambo. "Ife tikachoka, mthunzi wa mtengowu umafika pa sola."

"Mwaona ndi maso, bambo a Kachiwala?" anafunsa Mayi.

"Ndikaone liti? Masana ndimakhala kuntchito. Koma palibenso china. Mtengowu ndiudula Loweruka."

Kachiwala anayamba kulira.

"Adadi, musaudule! Ndi mnzanga!"

Bambo anagwada. Anamupukuta misozi ndi chala. "Inenso ndimaukonda, mwanawe. Koma sola ikalephera, tibwerera ku jenereta. Mlongo wako azitsokomolanso."

Kachiwala ankakonda mtengo. Ankakondanso kamlongo kake. Tsiku limenelo sanadumphe.

Loweruka linafika. Bambo anabwereka nkhwangwa kwa aneba. Anakhala pakhonde. Anayamba kunola. Kwee, kwee, kwee.

Kachiwala anakumbatira mtengo wake. Anaika tsaya pa khungwa. Anali ndi chisoni chachikulu.

Dzuwa linakwera. Linayamba kuwotcha. Kachiwala anayang'ana sola. Inali padzuwa, yokhayokha. Mlezi wabwino saiwala mwana, ngakhale akulira.

Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi bulangete lofiira. Anafunditsa sola. Anapinda uku. Anapinda uko.

Nkhwangwa inasiya kulira.

"Kachiwala," anatero Bambo, "ukutani?"

"Ndikufunditsa mwana wathu."

"Chifukwa chiyani?"

"Mwana sakhala padzuwa. Amayi anatero."

"Wayamba liti zimenezi?"

"Tsiku lililonse, Adadi. Munati ndizimusamala."

Bambo anatsegula pakamwa. Mayi anatulukira pakhomo ndi khanda. Anaona bulangete. Anaona nkhope ya Bambo. Anaseka mpaka kukhala pansi. Bambo nawo anaseka mpaka misozi.

Kachiwala sanaseke. "Ndalakwa?" anafunsa.

Bambo anamunyamula. "Wamusamala kwambiri, mwanawe. Koma mwana ameneyu ndi wina. Chakudya chake ndi dzuwa. Akadya dzuwa, amatipatsa magetsi. Ukamufunditsa, amagona ndi njala."

"Ndiye masiku onsewa sanadye?"

"Ankangolawa pang'ono madzulo."

Kachiwala anagwira pakamwa. "Mayo ine!"

"Safunsa anadya phula," anatero Mayi. "Wamng'ono sanafunse. Wamkulunso sanafunse. Mwafanana, bambo ndi mwana."

Kachiwala anatsika msanga. Anachotsa bulangete. "Idya, mwana wathu," anatero. "Idya ukhute."

Kenako anatembenuka. "Adadi, ndiye mtengo wanga sunalakwe."

"Mwina," anatero Bambo. "Koma za mthunzi zija sindinaonebe."

"Ndiye tione lero. Muli pakhomo. Nkhwangwa idikire."

"Mwana wanena zoona," anatero Mayi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kachiwala anatola timiyala. Anaika kamwala pamene mthunzi unathera. Onse anakhala pakhonde. Anadikira.

Mthunzi unasuntha pang'ono. Kachiwala anaika kamwala kena. Mthunzi unasunthanso. Anaikanso kena. Mthunzi unakwawa kulowera ku mpopi. Unakwawa kulowera ku mpanda. Unakwera mpanda. Ku sola sunayandikire n'komwe.

"Mwaona, Adadi?"

"Ndaona."

"Mwaona ndi maso?"

"Ndi maso onse awiri."

Analowa m'nyumba kukaona batire. Kagetsi kake kanali kobiriwira. Batire linali litadzaza. Bambo anayatsa babu. Linawala, ngwee! Anayatsa wailesi. Inaimba mokweza. Khanda linawomba m'manja.

Bambo ananyamula nkhwangwa kuti akabweze kwa aneba. Kachiwala anawagwira malaya.

"Dikirani, Adadi. Simunapepese."

"Pepa, mwana wanga."

"Osati kwa ine. Kwa mnzanga. Munamunamizira."

Bambo anayang'ana Mayi. Mayi anayang'ana kumwamba, akubisa kuseka.

Bambo anaika nkhwangwa pansi. Anapita pansi pa mtengo. Anavula chipewa. Anaweramitsa mutu.

"Pepani, a Mtengo," anatero. "Ndinafulumira. Inu mumatipatsa mthunzi. Mumatipatsa zipatso. Mumayeretsa mpweya. Inu ndi sola, ntchito yanu ndi imodzi. Sindidzakuopsezaninso."

Kachiwala anaika khutu pa khungwa. Anamvetsera. Anamvetseranso.

"Akuti chiyani?" anafunsa Bambo.

"Akuti akukhululukirani," anatero Kachiwala. "Koma akuti ali okha. Akufuna mnzawo."

"Mnzawo?"

"Mtengo wina. Uko, kumpanda. Kutali ndi sola."

Mayi anapatsira Bambo khanda. Anatenga khasu.

"Gwirani mwana, bambo a Kachiwala," anatero Mayi. "Ife tikukakumba dzenje."