Mkodzo Woyera wa Abiti Omari

Tausi anali kufunditsa miphika yaiwisi ndi masamba a nthochi pamene anamva mwamuna wake, Binali, akubuula kuseri kwa nyumba. Anamupeza atagwira chinena, thukuta lili kamukamu. Mkodzo unkatuluka modontha, wofiira, ndipo Binali ankati ukuwotcha ngati wathiridwa tsabola.

Chinali chaka chimene asilikali anabwerako ku nkhondo ya Azungu, ndipo mudzi wawo, kufupi ndi Chipoka, unali utayamba kununkha. Nthendayo inkayamba ndi kuyabwa. Munthu ankakanda miyendo mpaka kusupuka, kenako kuyabwako kunkakwera kumalo obisika, moti ngakhale amuna aulemu wawo ankaiwala manyazi pamaso pa apongozi. Msodzi wina, Luka, anatupa mimba n'kufa mkodzo utatsekeka. Eveles, mkazi wake, anamutsatira mphasa ili magazi okhaokha.

Mphekesera inati kuli mfiti imene ikutapa dothi pamene munthu wakodza. M'mawa anthu ankapezadi timaenje tosalala kuseri kwa nyumba zawo, ndipo ena ankalumbira kuti amva chinthu chikupala pansi, kwee, kwee, agalu ali chete. Mantha ndi mlangizi wopusa. Anapangana kuti aliyense azikakodzera m'thamanda la kumabango, poti mfiti singatape madzi. Thamanda lomwelo ankasambamo ndi kuviikamo chinangwa. Nthenda inakolera ngati lupsa.

Amene sankadzikanda anali Tausi ndi amayi ake, Abiti Omari, basi. Iwo anali oumba mbiya, ndipo madzi ankatunga pachitsime cha kumtunda, pafupi ndi mtapo wawo wa dongo. Koma m'mudzi woopa dothi, munthu woyenda ndi dothi pamutu tsiku ndi tsiku sachedwa kulozedwa zala.

Binali anapalasa bwato kukatenga sing'anga wa kutsidya, dzina lake Masiye. Sing'angayo sanavutike n'kuombeza. Analamula kuti m'mawa mwake aliyense akodzere m'chikho kuseri kwa mpanda n'kubwera nacho pabwalo. Amene wake utuluke woyera ndiye mfiti, chifukwa mfiti sidzilodza yokha.

Tausi anadziwa kuti wake ndi wa amayi ake utuluka woyera. Anasolola lumo limene ankabisa padenga n'kuthamangira kwa amayi ake, ndipo anawachonderera kuti onse awiri adzicheke pantchafu, magazi agwere m'chikho.

"Sing'anga ameneyu sachoka wopanda mfiti, mwanangu," anatero Abiti Omari. "Zikho zonse zikafiira, ativula, apeza mabala awiri. Ukadzicheke iweyo."

"Amayi, akuphani."

"Allah akuona. Bwerera nalo lumolo."

Kutacha, zikho zinandanda pabwalo, ntchentche zikuzungulira, fungo likutsamwitsa. Cha Tausi chinali chofiira ngati cha aliyense. Abiti Omari anaika chawo pansi mosanjenjemera, dzuwa n'kuwala mpaka pansi pake.

Woyamba kumenya anali Binali, mkamwini amene anadya za m'miphika yawo. Anawakhoma pakamwa ndi nkhafi yopalasira bwato, mano n'kugwera m'fumbi. Ena anabwera ndi mipini, akazi n'kuwaswera mbiya zawo zomwe pamutu, dzanja lina likumenya, lina likukanda. Mkono unathyoka momveka. Mayi wina anakankhira phale m'manja mwa Tausi n'kumunong'oneza kuti mwana wa mfiti wosagenda ndi mfiti. Tausi anagenda. Phalelo linang'amba chikope cha amayi ake, ndipo iwo anamuyang'ana ndi diso linalo n'kugwedeza mutu pang'ono, monga ankachitira mphika ukapsa bwino. Kenako anthu anawakhwekhwereza mpaka kuthamanda n'kuwapondereza m'matope kufikira thovu litasiya kutuluka.

Sanawasambitse, sanawakulunge m'sanda. Tausi analira chamumtima, chifukwa misozi yooneka ikanamupha.

Komatu nthenda sinamve kuti mfiti yafa. Timaenje tinkapezekabe, kupala kuja kunkamvekabe, ndipo Binali anayamba kukodza zibuma za magazi, akuluma nsalu. Masiye anati ufiti umasiya mbewu, choncho zikho zizibwera pabwalo mwezi uliwonse ukaoneka. Tausi ankadzicheka, bala likapola n'kucheka pambali pake, mpaka ntchafu zonse zinakhakhala ngati chitsononkho cha chimanga chosokola.

Tsiku lina akugona, dzanja la Binali linaima pazipserazo. Linayenda pang'onopang'ono, chipsera ndi chipsera, kenako linachoka. Tausi anamva mwamunayo akupuma mumdima, maso ali gwa.

M'mawa mwake anthu anayamba kuitanizana za zikho. Tausi anapisa dzanja padenga, nafufuza udzu wonse mpaka zala kuda ndi mwaye, koma lumo panalibe. Atacheuka anaona Binali ataima pakhomo, atanyamula chikho chopanda kanthu.

"Tiye," anatero Binali. "Lero ndikugwirira ndine."